Malume Amene Anaveka Fisi Suti

Panali munthu wina amene ntchito yake inali yolemba masewero a pa wailesi. Luso anali nalo, pamenepo tisamunamizire. Akalemba za maliro, amayi pamsika ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Akalemba zoseketsa, ndi madalaivala a minibasi omwe ankakweza wailesi.

Chimene ankachidziwa koposa chinali kutenga nthano zakale n'kuziveka zovala zatsopano. Imodzi mwa nthanozo inali ija ya mtsikana amene anakana anyamata onse a m'mudzi mwake n'kulola mlendo wa mano oyera. Atafika kwawo kwa mwamunayo, mtsikanayo anaona mchira ukusuzumira kunsi kwa malaya, ndipo anazindikira kuti wakwatiwa ndi fisi. M'nthano yakaleyo iye sanakhale pansi kuti aganize. Analiyatsa liwiro akukuwa, abale ake anamva mkuwowo n'kutuluka ndi mipini.

Mlembi uja anaona kuti mathero amenewa ndi ouma. Anthu a masiku ano amafuna za chikondi, ndipo iye omvera ake ankawadziwa. Choncho fisi uja anamuveka suti, anamupatsa galimoto ndi nyumba ya mpanda m'tauni. Anamupatsanso mbiri yomvetsa chisoni, akuti anakula mozunzika, n'chifukwa chake amaluma. Mtsikana wa m'sewero lake sanathawe. Akalumidwa ankamanga bala ndi kansalu, n'kupita kukamutenthetsera mwamuna wake madzi osamba. Sabata ndi sabata omvera ankadikira tsiku limene chikopa cha ufisi chidzagwe, patuluke mwamuna wofatsa wogwada ndi maluwa m'manja. Sewerolo linatchuka zedi, moti atsikana ankatumizirana mawu ake pa foni.

Munthu yemweyu anali ndi udindo wina kwawo. Anali nkhoswe pa banja la mwana wa mlongo wake, dzina lake Mwandida. Tsiku la chinkhoswe anaimirira pamaso pa anthu n'kulonjeza kuti zikadzavuta m'banjamo, khomo loyamba kugogoda lidzakhala lake. Chaka chinatha, china chinalowa, Mwandida sanagogode. Mlembi uja ankanyadira, nauza anzake kuti wake ndiye unkhoswe wamtendere. Kupita kukaona sanapite, poti ntchito inali yambiri ndipo dandaulo panalibe.

Tsiku lina ntchito inamufikitsa kufupi ndi kumene Mwandida ankakhala, ndipo anaganiza zopatukirako. Anamupeza kuseri kwa nyumba akuchapa, mwana atamugoneka pamkeka. Anaodira, Mwandida sanatembenuke. Anaodiranso mokweza, koma zii. Mthunzi wake utagwera m'beseni m'pamene mayiyo anadzidzimuka, napukuta manja n'kugwada kupereka moni. Malume ake akamayankhula, iye ankapendeketsa mutu kuti amve ndi khutu lakumanja. Kunsi kwa duku, kumanzere, kunali chipsera.

"Khutu ili latani?" anafunsa malumewo.

"Linatseka, amalume. Akuchipatala akuti silidzamvanso."

"Chinachitika n'chiyani?"

Mwandida anayang'ana pansi. "Bambo akunowa akapsa mtima sadziwa chimene akuchita. Koma si oipa ayi. Anakula mozunzika."

Mlembi uja mawuwo anawazindikira. Anali mawu ake, olemba yekha ndi dzanja lake.

"Nanga ine ndine nkhoswe ya chiyani? Bwanji sunabwere kudzandiuza?"

"Ndinanyamuka, amalume," anatero Mwandida. "Tsiku limene khutuli linkatuluka magazi ndinabereka mwana mpaka kukafika pa siteji. M'golosale ya pamenepo munkamveka sewero lanu lija. Ndinamva mtsikana uja akuuza amake kuti sathawa, chifukwa wothawa ndi wopanda chikondi. Ndiye ndinati, amalume amene analemba zimenezi ndikawauza kuti ndathawa, akandiona bwanji? Basi ndinabwerera."

 Kenako anasendera kufupi, nkhope yake itawala ngati ya mwana wopempha shuga, nanong'ona.

"Koma amalume, mundiuzeko ine ndekha, sindiuza munthu. Chikopa chija chigwa liti?"

 Mlembi uja anachita manyazi, anachitanso mantha, chifukwa anaona kuti mwanayu akhoza kufera m'nyumba imeneyo akudikira gawo lomaliza la sewero. Misozi inatsika, ndipo sanaibise.

"Sichigwa, mwananga," anatero. "Bereka mwana tizipita."

"Nanga bambo akuno akabwera?"

"Akabwera apite kwa ankhoswe awo, akandipeze kwathu. Nkhani tikakambira kumeneko, iwe uli kumbuyo kwanga."

Mwandida anazengereza. Anayang'ana khomo la nyumba yake, anayang'ana malume ake. Kenako anawerama n'kunyamula mwana.

M'minibasi anakhala moyandikana. Galimoto itanyamuka, Mwandida anapempha kuti asinthane malo, malume ake akhale kumanja kwake, kuti akanena kanthu awamve. Anasinthana. Koma njira yonse mlembi uja sanapeze choti anene.

Mwandida ali moyo mpaka lero, ndipo mwana wake akukula. Khutu lija silinatsekuke.

Tsono inu amene mumalemba, ndi inu amene mumalangiza ana a eni, mverani. Kuveka nthano zakale zovala zatsopano si mlandu, ndipo chikondi ndi chokoma kuchimva. Koma musanachotse kanthu m'nthano, yambani mwafunsa chifukwa chimene makolo anakaikiramo. Makolowo sanamuthawitse mtsikana wa m'nthano uja chifukwa chosadziwa chikondi. Iwo anali ataikapo m'manda ana awo amene anapirira. Munthu amasintha, inde, koma amasintha iye mwini akafuna, osati chifukwa mnzake wamupatsa thupi lake kuti azilimenya.

Zimene inu mumalemba kuti anthu asangalale, kwinakwake kuli mwana amene akuzimva ngati malangizo. Ndipo inu ankhoswe, khomo lanu likakhala losagogodedwa musathamangire kunyadira. Nyamukani mukamuone mwanayo, akadali ndi makutu onse awiri okumverani.