Telala Amene Analinganiza Mapiko

Panali munthu wina, telala, amene ankasoka pakhonde la nyumba yake. Ntchito ankaidziwa. Malaya akasiyana manja ngakhale pang'ono, ankaphwasula n'kuyambiranso, mwini wake asanaone n'komwe.

Kuseri kwa nyumbayo ankaweta nkhuku zachikuda. Malire a bwalo lake anali mpanda wa bango wolekeza m'chifuwa. Kutsidya kwa mpandawo kunkakhala mayi wamasiye amene ankadyetsa ana ake ndi tomato. Chaka chimenecho anafesa nazale yake kufupi ndi mpanda, pamene panali kamthunzi, ndipo mbewu yonse imene anali nayo inathera mmenemo.

Nkhuku yachikuda sidziwa malire. Ikaona dothi lonyowa kutsidya, imakupiza mapiko, kutera pampanda, n'kutsikira komweko. Tsiku lina zinapalasa mbali imodzi ya nazale. Mayiyo anazipirikitsa, kenaka anabwera pakhonde la telala. Sanakalipe.

"Atelala, nkhuku zanu zikundidyera ana," anatero. "Mbande zatsalazi zikapita, ine chaka chino ndapita nazo. Mbewu ina ndilibe."

"Pepani, mayi. Ndiye nditani? Ndikweze mpanda?"

"Bango latha kudambo. Ingozidulani nthenga zazitali za phiko limodzi. Limodzi lokha. Ikati iuluke imapendekeka n'kugwa."

Madzulo nkhuku zitalowa m'khola, telala anazigwira imodziimodzi, nadula nthenga za phiko lakumanja monga anamuuzira. M'mawa mwake tambala anayesa mpanda. Anakupiza, nazungulira m'malere, nagwa chammbali. Misoti inayesanso, koma zinali chimodzimodzi. Zitatopa, zinayamba kutola madeya pabwalo pawo. Mbande za mayi uja zinakula, masamba ali biriwiri, ndipo anayamba kukonza mabedi oti awokeremo.

Nkhani ikanathera pomwepo. Koma telala ankaziona nkhukuzo tsiku lonse ali pamakina. Zikatambasula mapiko padzuwa, phiko lina lalitali, lina lalifupi, mtima wake unkamuwawa. Ankayang'ana kumbali, maso n'kubwereranso komweko.

Ndiye kunabwera bambo wina kudzayesa jekete. Ataona nkhuku zija anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Atelala, zimenezi mwadula ndinu? Jekete langali musalichite chonchi, mkono wina kugongono, wina kuzala!"

Telala anaseka nawo, koma kuseka kwa mano okha. Munthu uja atapita, sanasokenso. Anadikira nkhuku zilowe. Anatenga sizasi ndi tepi yake, nalowa m'khola. Nkhuku iliyonse anaiyeza phiko lodula, nadula linalo kuti lifanane nalo ndendende. Anagwira ntchito yaukhondo. Pomaliza anati mumtima mwake: poyamba ndinadula phiko limodzi, tsopano ndadula onse awiri, ndiye zidzaulukanso ndi chiyani?

Kuwerengera kwake kunali kwa telala, osati kwa nkhuku. Chimene chinkazigwetsa si kufupika kwa nthenga ayi, koma kusiyana kwa mapiko. Atafanana, ngakhale anali aafupi, anayambanso kugwirizana. Ndipo mpanda wolekeza m'chifuwa sufuna mapiko aatali.

Kutacha, mayi uja analawirira kumaliro kumudzi wapafupi. Telala anatsegula khola n'kupita pamakina ake. Makinawo ankalira, ndipo sanamve kanthu. Tambala anayamba kuwoloka mpanda, misoti inatsatira. Tsiku lonse zinali mu nazale.

Mayiyo pobwera anapeza dothi lokhalokha, timizu tili m'mwamba, tofota.  Kenaka anagwira msoti umodzi umene unatsalira, naupanira m'khwapa, nazungulira mpaka pakhonde. Anautambasula mapiko onse awiri pamaso pa telala.

"Mwalinganiza bwino, atelala," anatero. Anautula pansi, nabwerera kwawo.

Telala anafuna kukonza. Anagwira msoti uja kuti adulenso phiko limodzi, koma panalibe podula, chifukwa kupitirira pamenepo ukanatuluka magazi. Anazitsekera zonse m'khola. Koma nyengo yofesa inali itadutsa. Chaka chimenecho mayi uja sanagulitse tomato, ndipo ankayenda m'minda ya eni kufuna ganyu.

Fanizoli ndi lanu, inu ankhoswe, ndi inu nonse amene anthu amakuitanani pakavuta m'nyumba. Ndakhala nanu pamilandu yambiri, ndipo sizasi yanu ndimaidziwa. Mkazi wabwera diso lili lotupa. Mwamva mbali zonse, ndipo wolakwa mwamuona. Mwamudzudzula mwamunayo, wazyolika. Apo nkhani yagwira. Koma mukayang'ana abale ake ali ndwii, mumaona ngati mwakondera, ndiye mumatembenuka: "Nanunso mayi, pakamwapo muzichepetsa. Nonse mwalakwa." Anthu amawomba m'manja, amati mwaweruza mwachilungamo. Mwamuna uja amatuluka ataongoka, poti mlandu wagawidwa pakati, ndipo mwezi usanathe mumaitanidwanso.

Pali milandu imene onse awiri alakwadi, ndipo pamenepo nenani choncho. Koma pamene walakwa ndi mmodzi, dulani mbali imodziyo, n'kuika sizasi pansi. Chiweruzo chanu chidzaoneka chopendekeka, ena adzakusekani, ena adzakudani. Pirirani. Mukalinganiza kuti inu muoneke bwino, amene adzalipire si inu. Ndi mkazi uja wabwerera m'nyumba ija madzulo ano.