Dishi Imene Inabweza a Kachigwada

Kalekale, koma osati kale la makolo, madishi a setilaiti atangoyamba kumera pa madenga ngati bowa, m'tauni ina ya patsinde pa phiri munali mayi dzina lawo Nasibeko. Amuna awo, a Kachigwada, anali telala wokalamba amene mutu unayamba kuwataya. Tsiku lina m'mawa anatuluka, tepi yoyezera ili m'khosi, osabwerera.

Nasibeko anafunsa kumsika, kuchipatala, ngakhale kumanda. Kawailesi ka kanema ka m'taunimo kanaonetsa chithunzi cha mkuluyo sabata yathunthu, koma mlongoti wake sunkafika kuseri kwa phiri. Kumeneko anthu ankaonera za padishi zokha, mpira wakunja ndi mafilimu.

"Mtima ukundiuza kuti bambo anu ali kuseriko," Nasibeko anauza ana awo aakazi atatu. "Kumeneko n'kumene anandifunsira mbeta."

Woyamba, Mwandida, anali kalaliki wa kukhoti. Anafukula mabuku mpaka anapeza lamulo la dzikolo loti kampani ya madishi iyenera kunyamula wailesi ya m'dera, wailesiyo ikapempha polemba. Eni kawailesi aja sankalidziwa n'komwe. Anawalembetsa kalata, n'kuitenga yekha kupita nayo kumzinda. Atamuuza kuti abwana atuluka, anayala chitenje pakhomo.

"Ndiwadikira," anatero. "Lamulo silinatuluke nawo."

Tsiku lachitatu abwanawo anasaina.

Koma lamulo lomwelo linkati wailesiyo ifikitse yokha mawu ndi zithunzi zake kumakina a kampani. Apa panalowa Esinati, wachiwiri, wokonza mawailesi. Anakwera mlongoti mphepo ya Juni ikuwomba, amayi ake ali pansi ataphimba maso ndi mpango.

"Iwe, tsika! Ndisataye awiri!"

"Musakuwe, amayi, mukundinjenjemeretsa!"

Analumikiza mawaya manja akutuluka magazi, ndipo pofika madzulo kawailesi kaja kanaoneka padishi iliyonse ya kuseri.

Chithunzi chinaonetsedwa masiku awiri, koma kunali zii. Chinali cha tsiku la ukwati, a Kachigwada ali ndi tsitsi lakuda bii ndi masaya odzaza. Ndani akanawazindikira? Nasibeko anasiya kudya.

Wotsiriza, Zelipa, analibe ntchito kapena luso lodziwika. Kwawo ankangomuti wolongolola. Anapempha mphindi imodzi pakanema. Anachotsa chithunzi chija n'kunena kuti, "Mukaona agogo amene amayeza anthu mapewa osawapempha, n'kumadandaula kuti jekete lanu anasoka ndani, amenewo ndi bambo anga. Tiyi amamwa wopanda shuga. Chonde musawakalipire." Anamaliza misozi ili chuchuchu.

Mayi wina wa tiyirumu kuseriko anaponya sipuni pansi. Mkulu woteroyo ankagona pakhonde pake masabata awiri, akutsokomola, ndipo anali atayeza kale makasitomala onse.

Mayiyo anatumiza uthenga kukawailesi kaja, ndipo anawo anakawatenga bambo awo atawonda, chifuwa chitawagwira, adokotala n'kunena kuti pakanadutsa masiku ena awiri akanamwalira. Nasibeko anawasambitsa, kuwameta, kuwakalipira pang'ono, kenako n'kuwagwira dzanja osalisiya.

Atachira, tsiku lina mutu utayera, a Kachigwada analoza makina awo osokera, chuma chokha chimene anali nacho.

"Nasibeko, awa mupatse mwana amene wandibweza pakhomo."

Ananena zokhazo, n'kugona tulo.

Nasibeko anayang'ana ana awo. Mwandida anati apatsidwe Esinati, poti iye sanaike moyo pachiswe. Esinati anati ayi, Zelipa, poti mawaya salankhula. Zelipa anaseka: "Ine ndikanalongolola ndi phiri, achemwali akanapanda kutsegula njira." Makinawo sangadulidwe patatu, ndipo mawu a mwamuna wawo Nasibeko sanafune kuwaphwanya.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, athandizeni mayiwa. Makina apite kwa yani: amene anadzutsa lamulo, amene anakwera mlongoti, kapena amene anadziwa bambo ake kuposa chithunzi?