Ndakatulo Yothira Madzi

Kunali mayi wina wolemba nthano zitalizitali zimene zinkawerengedwa pa wailesi. Mayi yemweyo ndiye ankatsogolera ophika pakagwa maliro m'dera lawo. Luso lake linali limodzi: nyemba zikachepa anthu n'kuchuluka, ankathiramo madzi. Akabwera ena, ankathiranso. Palibe ankapita kwawo akudandaula kuti am'mana, koma palibenso ankakumbuka chimene wadya. Nthano zake ankaziphikanso choncho, ndipo anthu ankazikonda.

Mng'ono wake, Falesi, anafera m'manja mwa mwamuna wankhanza. Mudzi wonse unkadziwa. Anthu ankamva kulira kuseri kwa mpanda n'kumati za m'banja salowerera. Pa maliro analengeza kuti malemu anadwala mutu. Mutu wanji wothyola nthiti?

Chaka chitatha, abale anamanga chiliza. Malume awo anauza mayi uja kuti, "Iwe ndiwe wolemba. Utikonzere ndakatulo yoti udzalakatule kumanda."

Mayiyo anali asanalembepo ndakatulo. Anakhala pansi mtima ukuwawa, ndipo mawu anatuluka ochepa, oyabwa ngati tsabola wa kambuzi. Anatchula dzanja limene linamenya. Anatchula makutu amene anamva koma eni ake osadzuka pamphasa. Atawerenga zimene analembazo, anachita mantha.

"Izi zachepa," anadziuza yekha. "Nanga akuchimuna adzatolapo chiyani?"

Dzanja lake lozolowera lija linayamba ntchito. Anaika mzere wothokoza akuchimuna pogula simenti. Anaika wina wa abusa, wina wakuti imfa sithawika, wina wakuti zonse n'chifuniro cha Mulungu. Pamene analemba kuti "anamenyedwa" anafufutapo n'kuikapo "anavutika". Ataona kuti mawuwo akuyabwabe, anaikapo "anatisiya mwamtendere". Ndakatulo inatalika, inadzaza tsamba, ndipo aliyense anali ndi gawo lake kupatula Falesi.

Tsikulo litafika, analakatula. Abambo anagwedeza mitu, amayi anapukuta misozi mwaulemu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsamwa.

Atatha, mwamuna wa malemu uja anabwera, mkazi watsopano ali pambuyo pake. Anapatsa mayiyo moni ndi dzanja lomwe lija.

"Alamu, mwandifika pamtima," anatero. "Mawu amenewa mundipatse ndiwalembetse pamwalapa."

Anam'patsa. Akanakana bwanji, anthu akuyang'ana, pomwe mawuwo anawatsuka yekha? Mmisiri anawasema mozama, dzina la wolemba lili pansi pake. Ana a Falesi akadzadziwa kuwerenga adzapita kumandako, ndipo adzawerenga kuti mayi awo anapita mwamtendere, mboni yake mayi awo aakulu.

Inu ogwira cholembera, tamverani, pakuti ine nkhaniyi imandipsetsa mtima. Nthano ndi mphika waukulu, khamu litha kudyamo. Ndakatulo ndi kamphika kakang'ono, sikakwanira aliyense, ndipo ena ayenera kuchokapo ndi njala ndi manyazi. Falesi anaikidwa kawiri. Koyamba anamuika mwamuna wake ndi zibakera, kachiwiri mkulu wake ndi mawu aulemu, ndipo manda achiwiriwa ndiwo akuya. Mukalemba za munthu wophedwa, womupha n'kubwera kudzakuthokozani, musasangalale kuti mwalemba bwino. Dziwani kuti mwamuthandiza kufotsera.