Mpando Umodzi wa Alimi a ku Nyamadzi

Kalekale, mafoni a intaneti atangoyamba kulowa m'zikwama za amayi ogulitsa masamba, m'tauni yaing'ono ya Kamphepo munali telala wina dzina lake Esinala Gomile. Ankasokera pakhonde la sitolo, ndipo dzuwa likapendeka ankatsikira ku dambo la Nyamadzi kukathirira mpiru ndi tomato, monga ankachitira mabanja ambiri a m'tauniyo. Iyeyu ndiye anatsegula gulu la pa Watsapu la alimi a m'dambomo. Poyamba linali longouzirana za mbozi ndi mbuzi zolowa m'madimba.

Esinala sanali munthu wokhulupirira msanga. Ngakhale kasitomala amuuze muyeso wa m'chiuno mwake, iye ankatengabe tepi n'kuyeza yekha.

Lolemba lina m'mawa, ali mkati mosoka yunifomu, foni yake inalira. Nambala inali yachilendo, ndipo inatumiza chithunzi chimodzi chokha, popanda ndi moni yemwe. Chinali chikalata cha khonsolo, chidindo chili m'munsi. Chinkanena kuti dambo la Nyamadzi lisanduka mtaya wa zinyalala za tauni yonse, ndipo wotsutsa aliyense afike pa msonkhano Lachinayi. Pakapanda kupezeka wotsutsa, malole ayamba kukhuthula.

Anaimba nambala ija, koma inali yozima. "Ameneyu akufuna chiyani kwa ine?" anadzifunsa. Anachiyang'ana mpaka masana, kenako anachiponya pagulu n'kulemba kuti: "Watumiza sindikumudziwa. Onani nokha."

Gulu linawira. Ena ankati apite akaswe mawindo a khonsolo tsiku lomwelo. Pamenepo a Yotamu Chikafa, mphunzitsi wopuma pantchito amene anali ndi dimba la nzimbe, analemba kuti: "Musathamange. Zithunzi masiku ano zimapangidwa. Ndipatseni tsiku limodzi." Anthu anawanyoza, ena n'kuwatchula kazitape. Lachiwiri lonse a Yotamu anakhala pansi pa mtengo wa mango, magalasi pamphuno, akufufuza pa intaneti. Anapeza mapu a khonsolo, dambo lonse litazungulizidwa ndi mzere wofiira. Anapezanso lamulo lonena kuti kutsutsa kumawerengedwa kukakhala kolemba, ndi mayina a otsutsawo. Kukuwa pageti sikuwerengedwa. Analemba kalata, naitumiza pagulu. Pofika Lachitatu madzulo inali ndi mayina oposa mazana atatu.

Lachinayi alimi anakhamukira ku holo ya khonsolo, koma anapeza geti lotseka. Mlonda anati m'holo mwadzaza. Apa ndiye Dolika Mtambalika, mtsikana woluka tsitsi kumsika, anakwera pa diramu, naloza foni yake pawindo, n'kuyamba kuonetsa zonse pa Fesibuku nthawi yomweyo. "Onani kudzazako!" ankafuula. "Mipando yopanda anthu iyo, eni dambo ali panja ngati agalu!" Anthu anaonera ali ku Lilongwe, ena ali ku Joni. Mtolankhani wa wailesi ina anaimbira akuluakulu a khonsolo kuwafunsa chimene ankabisa. Ola lisanathe geti linatseguka. Kalata inaperekedwa foni ya Dolika ikuyang'ana, kotero panalibe woti adzanene kuti inasowa. Nkhani ya mtaya inafera pomwepo.

Chifukwa cha manyazi, khonsolo inapereka mpando umodzi m'komiti yoona za malo, kuti munthu wosankhidwa ndi alimi aziona mapulani onse asanadindidwe. Alimi anagwirizana kuti avote pagulu lawo, voti itsekedwe Loweruka masana. Mayina awiri anabwera msanga: a Yotamu ndi Dolika.

Dzina lachitatu linadza lokha pakhonde la Esinala, litanyamula thalauzi yong'ambika m'bondo. Anali Lufeyo Kapalamula, mesenjala wa khonsolo. Anadikira makasitomala achoke, kenako anatsitsa mawu.

"Mayi Gomile, chithunzi chija ndinatumiza ndine. Ndinagula simu ina, n'kuitaya nditangotumiza."

Esinala anaimitsa makina. "Munachiona kuti chikalatacho?"

"Ndinachikhoma ndine, kuseri kwa kabati, mmene anandiuzira abwana. Amati lamulo likungofuna kuti chikhomedwe, silikunena poti."

"Linali liti limenelo?"

"Panali patapita masiku khumi ndi limodzi pamene ndinakutumizirani."

"Nanga masiku onsewo munali kuti, bambo?"

Lufeyo anayang'ana pansi. "Mantha, mayi. Ndili ndi ana. Panopa anditulukira, ntchito yandithera. Koma makabati onse a muofesi muja ndimawadziwa. Mukandiika pampandowo, palibe chidzabisike."

Esinala analandira thalauzi ija, nalemba dzina la Lufeyo pagulu, pofotokoza zimene anachita. Koma mtima wake sunakhale pansi. Mayi wina wosesa ku khonsolo anamunong'oneza kuti Lachisanu, chithunzi chisanatumizidwe, Lufeyo anakangana ndi abwana ake atamuuza kuti amusamutsira kokayang'anira zimbudzi za pa depoti. Akanapanda kukangana, kodi chithunzicho chikanabwera? Ndipo munthu amene anabisa chikalata atauzidwa, sadzabisanso china akadzaopsezedwa?

Za a Yotamu nazonso zinayamba kumveka. Lole imene inkayenera kuyamba kukataya zinyalala ku Nyamadzi inali ya mlamu wawo. Esinala anawapeza kudimba akusadzula nzimbe.

"Aphunzitsi, tsiku munapempha lija, munkafuna kufufuza kapena kutichedwetsa?"

"Mukanapita kukaswa mawindo, bwenzi pano muli m'chitokosi ndipo dambo litapita," anayankha modekha. "Mlamu wangayo tinasiya kulankhulana zaka zapitazo."

Esinala anangogwedeza mutu. Anali atawaona awiriwo pamaliro mwezi wathawo, atakhala benchi limodzi. Panalinso china. Mayina mazana atatu aja tsopano anali m'manja mwa khonsolo, ndipo amayi awiri amene anasaina koyambirira anali atasunthidwa kumsika n'kuikidwa kumapeto, kumene ogula safikako. Mwina zinangochitika. Mwinanso ayi.

Dolika anabwera Lachisanu ndi jumbo yomanga pakamwa. Esinala atamasula anapeza zitenje zitatu za chipani china, zoti asoke madiresi.

"Dolika iwe, izi n'ziti?"

"Amayi, sindibisa. Chisankho chikubwerachi ndikufuna kudzaima pa ukhansala. Ndi mlandu?"

"Ndiye pa diramu paja unakwerera dambo kapena unakwerera kampeni?"

Dolika anaseka. "Geti linatseguka kapena silinatseguke? Aphunzitsi akanaima panja ndi kalata yawo mpaka dzuwa kulowa. A Lufeyo anabisala. Ine ndinaonetsa nkhope yanga, dziko lonse likuona."

Zinali zoona. Koma Esinala anali ataoneranso vidiyo imene Dolika anasiya pa tsamba lake. Pamene a Yotamu ankawerenga kalata panali patadulidwa. Panatsala nkhope ya Dolika ndi mawu a Dolika. Ndipo chipani cha zitenje zija ndi chomwe chinali ndi makhansala ambiri m'khonsolo imene inafuna kukwirira dambo.

Loweruka linafika. Pagulu mavoti ankayenda mwaulesi, chifukwa aliyense ankatha kuona amene mnzake wasankha, ndipo ambiri ankadikira kuti aone kaye kumene Esinala aponye. Mayi wina wa dimba loyandikana nalo anafika pakhonde thukuta lili kamukamu.

"Anzanga, tikudikira inu. Mwaponya kuti?"

"Sindinaponye."

"Nthawi yatha. Onse atatu anatithandiza."

"N'zimene zikundivutazo," anatero Esinala. "Onse anatithandiza, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ndingamusiyire dambo n'kutembenuka."

Anatenga foni. Mayina atatu anali pamenepo, lililonse ndi kabwalo kake kodikira chala. Popanda Lufeyo sakanadziwa kanthu, malole akanangofika. Popanda a Yotamu akanapita ndi miyala m'malo mwa kalata. Popanda Dolika kalatayo ikanathera pageti. Dzuwa linali litatsala pang'ono kufika paliwombo, ndipo chala chake chinali chikadali m'mwamba.

Ine nkhaniyi ndikuisiyira pomwepa, chifukwa mlandu wake ndi wanu. Wina anaulula chinsinsi, koma anayamba wachibisa yekha. Wina anapeza njira ya lamulo, koma mlamu wake ndi mwini lole. Wina anatsegulitsa geti, koma maso ake ali pa ukhansala. Tsono inu amene mwamva, foniyo ikanakhala m'manja mwanu, mpando wa alimi a ku Nyamadzi mukanaupereka kwa yani: Lufeyo, a Yotamu, kapena Dolika?