Njiri, Mphaka ndi Chitini cha Girisi

Njiri ndi Mphaka ankayendetsa limodzi chigayo cha kalabu ya nyama za kuseri kwa phiri la Chinkhwawa. Onse awiri ankaikonda ntchitoyo, ndipo panalibe amene ankadandaula za ufa wawo. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkawayambanitsa tsiku ndi tsiku: girisi.

Pakati pa chigayocho panali shafuti, mtengo wachitsulo umene umazungulitsa nyundo zophwanya chimanga. Nsonga zake ziwiri zinakhazikika pa mabering'i, mphete zachitsulo zokhala ndi timipira m'kati. Timipirato timafuna girisi kuti tiziterera bwino, ndipo mkangano wonse unagona pamenepo.

Njiri anali wa dzanja lopatsa. Akangoyang'ana chitsulo, ankachimvera chisoni ngati chili ndi njala. Vuto lake linali lakuti masana aliwonse ankakadzigubuduza m'matope a kuseri kwa chigayo, ndipo pobwerako ankangopisa chiboda m'chitini cha girisi osasamba. Chivundikiro cha chitinicho anachitaya kalekale.

Mphaka anali waukhondo wosaneneka. Asanagwire girisi ankasamba kawiri, kenaka n'kupukuta pakamwa pa bering'i ndi kansalu koyera. Nayenso anali ndi vuto lake: akaona kafumbi m'mwamba, sankalola kutsegula bering'i ngakhale pang'ono.

“Achemwali, girisi muthira liti?” anafunsa Njiri tsiku lina, anthu ali pamzere ndi madengu awo.

“Ndithira fumbi likachepa,” anayankha Mphaka.

“Fumbi lichepe m'chigayo? Ndiye mudikira mpaka ine nditamera mapiko!”

“Bola kudikira kusiyana n'kuthira phala la mchenga ngati lanulo. Tachionani chitinicho, achimwene. Munthu akhoza kudzalamo mbatata, n'kukolola.”

Mzere wonse unafa nacho chiseko, ndipo Njiri magazi anamuwira. Iye anali pachigayopo kuyambira tsiku limene chinatsitsidwa pa lole, ndipo kiyi wa pakhomo ankamupachika pa dzino lake lokhota kuti aliyense aziona. Kusekedwa pamaso pa makasitomala sikunamukomere.

“Chabwino!” anatero mokweza. “Mabering'i alipo awiri, ifenso tilipo awiri. Ya kumanja ndi yanga, ya kumanzere ndi yanu, aliyense asamale yake monga adziwira. Amene yake iyambe kulira, apereke kiyi wake, achoke pachigayo pano.”

“Ndavomera,” anatero Mphaka, osaphethira n'komwe.

Mayi Nkhanga, wapampando wa kalabuyo, anali pamzere pomwepo. Anali atatopa n'kuweruza mkangano umodzimodzi mlungu uliwonse, choncho anangopukusa mutu. “Mwanena nokha, nonse ndinu akuluakulu. Ine ndine mboni, ndipo pasadzapezeke wina wondilirira.”

Inali nyengo ya mphepo, pamene akamvuluvulu amavina m'misewu ndi kulowa m'nyumba osaodira. Njiri anayamba kuthira girisi katatu patsiku, kuopa kugonja. Ankatsindira mpaka girisiyo kutulukira m'mbali, gaga n'kumatirira pamwamba, bering'i n'kumaoneka ngati chigumu. Akaiona choncho, mtima wake unkakhala m'malo.

Mphaka anagula chitini chakechake, nachikulunga m'nsalu ziwiri. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo, n'kunyambita phazi lake, n'kulikweza m'mwamba kuti amve mphepo. “Lero ayi,” ankatero, n'kubwezera chitinicho pashelefu. Milungu isanu inatha chomwecho.

Lachiwiri lina m'mamawa, chigayo chili pakati pogaya mphale, kunamveka kulira koboola m'makutu: kwiii! Njiri analumpha n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo. Mphaka anakhudza bering'i ya kumanzere, koma anachotsa phazi msangamsanga chifukwa inali yotentha ngati chiwaya. Panalibe chokanira, yolirayo inali yake.

Njiri anatuluka panja mchira uli njo, nazungulira chigayo kawiri akuvina. “Ndinanena ine! Chitsulo sichidya ukhondo, chimadya girisi!” Koma atalowanso n'kupeza Mphaka akupinda tinsalu take mwakachetechete, kiyi wake atamuika kale pathebulo, chimwemwe chake chinachepako. Sanaganizepo kuti m'chigayomo mungadzakhale zii, wopanda womuyankha.

Mayi Nkhanga anaitanitsa Mleme, makaniko wodziwika chifukwa cha makutu ake akuthwa. Anafika atavala magalasi akuda poopa dzuwa, bokosi la masipanala lili kukhosi. Anadzikoleka chadodolido pa mtanda wa denga, nauza Njiri kuti azungulitse shafuti pang'onopang'ono. Anamvetsera nthawi yaitali, makutu akugwedera.

Kenaka anatsika n'kumasula bering'i ya Mphaka. “Iyi yauma gwa, amayi, ngati nkhuni za m'chilimwe,” anatero. “Koma m'kati mulibe kachitsotso ngakhale kamodzi. Tikaitsuka ndi parafini n'kuthira girisi watsopano, iyenda. Injini ikanapitirira ola limodzi lokha, bwenzi bering'iyi itapseratu.”

Mphaka anaweramitsa mutu.

“Komatu ine ndikumva odwala awiri muno,” anapitiriza Mleme. “Winayo akubuula chapansipansi.”

“Ngati mukunena yangayi, bambo, makutu anu akalamba,” anatero Njiri akuseka. “Itseguleni, anthu onsewa aone bering'i yodya bwino.”

Mleme anapala chigumu chija n'kumasula. Anatapa girisi wakuda bii wa m'katimo, namutikita pakati pa zala, kenaka anamupaka pa dzino la Njiri. “Talumani pang'ono, achimwene.”

Njiri analuma. Mano anachita kekete, ngati walumira mwala mu mpunga wosasankha.

“Umenewo ndi mchenga wa kuthamanda kwanu kuja, kuphatikiza gaga,” anatero Mleme. “Girisi akasakanikirana ndi mchenga amasanduka mwala wonolera, ndipo amanola chitsulo usana wonse.” Anatulutsa timipira tija n'kutiika pachikhatho. Tinali tokumbikakumbika ngati chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe.

“Nanga bwanji sinalire?” anafunsa Njiri, mawu atachepa.

“Ikanalira bwanji mutaitsindira girisi mpaka pakamwa? Iyi siichira. Yatsopano ichokera kutauni, ndipo muidikira milungu itatu.”

Pamzere panabuka phokoso, poti milungu itatu yopanda chigayo si nkhani yosekera. Mayi Nkhanga anakupiza mapiko mpaka onse anakhala chete. “Pangano linali lakuti amene yake iyambe kulira achoke, ndipo yalira ndi ya Mphaka,” anatero. “Ndiye a Njiri, mwapambana. Tengani makiyi onse awiri, muzitsegula chigayo chanu chosayendachi.”

Njiri anayang'ana kiyi wa pathebulo uja. Panalibe amene akanamuletsa kumutenga, chifukwa mawu a pangano anali kumbali yake ndipo mboni inali itagamula. Koma mchenga unali udakali m'mano mwake, ndipo nthawi iliyonse akatseka pakamwa unkamukumbutsa. Pang'onopang'ono anakolola kiyi wake padzino, namuika pambali pa winayo.

“Ayi, amayi,” anatero. “Ya achemwaliwa yalira chifukwa ikadali moyo. Yanga inafa kale, kungoti inafa osatsanzika. Wochoka ndine.”

Mphaka anasiya kupinda tinsalu. “Inu ndinu auve, achimwene, pamenepo sindibweza mawu,” anatero. “Koma inenso milungu isanu ndakhala ndikusamala girisi m'chitini, bering'i ikufa ndi ludzu pafupi pomwepo. Ndipo mukanapanda kuzimitsa injini msanga, bwenzi tikuitanitsa ziwiri.”

“Ndiye muchoke nonse?” anafunsa Mayi Nkhanga. “Iyayi, musandipusitse. Pano sachoka munthu mpaka chimanga cha anthuwa chitasanduka ufa. Bweretsani mitondo!”

Milungu itatu yathunthu Njiri ndi Mphaka anakhalira kusinja pabwalo la chigayo. Njiri anathyola minsi iwiri chifukwa cha mphamvu, ndipo Mphaka ankaima kawirikawiri kuti apukute mtondo. Ana a nyama ankabwera kudzaonerera, akuimba nyimbo zowanyogodola. Pofika mlungu wachitatu, onse awiri mapewa anali atawawa kotero kuti analibenso mphamvu zokanganira, ndipo anayamba kumvana.

Bering'i yatsopano itafika, Mleme anaimanga n'kuwasiyira malangizo. Girisi azithiridwa Lolemba lililonse m'mawa injini isanalizidwe, pamene fumbi la dzulo lakhazikika pansi. Azikhala wochepa, wa m'chitini chovundikira, wothiridwa ndi dzanja loyera. “Osadumphitsa Lolemba, osawonjezanso Lachitatu,” anatero, akuyang'ana wina kenaka mnzake.

Njiri sanasiye matope ake, ndipo Mphaka sanasiye kuopa fumbi. Anangogawana ntchito mwa njira ina. Njiri anakhala wosunga tsiku, woletsedwa kukhudza chitini, pamene Mphaka anakhala wothira, woletsedwa kunena kuti lero ayi.

Lolemba loyamba kunacha ndi chimphepo. Mphaka anaima pakhomo, phazi lili m'mwamba. “Achimwene, taonani kunjaku. Mwina mawa…”

Njiri anamukankhira m'kati mofatsa, kenaka anaima chopingasa pakhomo ndi thupi lake lonse lalikulu, n'kutsekeratu mpata. Mchenga unkamuwaza kumsana, koma m'chigayomo simunalowe kanthu.

“Thirani, achemwali,” anatero. “Mphepo yonse ikuthera pa ine, ndipo ine kuda sindikuopa.”

Mphaka anatsegula chitini, nathira mbali zonse ziwiri. Chigayocho chinagaya chaka chimenecho ndi zaka zina zambiri osaliranso, ndipo onse awiri anakalambira pantchito yawo.

Phunziro: Khama lopanda ukhondo limawononga chimene likufuna kusamala, ndipo ukhondo wongodikira tsiku labwino umachisiya chife ndi ludzu. Makina amafuna mafuta oyera, okwanira, pa nthawi yake. Mnzako amene umakangana naye nthawi zambiri amakhala ndi theka la nzeru limene iwe ukusowa.