Mlendo Wobwerera pa Mjigo

Lachisanu lina, titatha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, pamzikiti wathu ku Ntaja panafika munthu wovala jekete lalitali, kunja kukutentha chonchija mwezi wa Okutobala. Ine ndinkafufuta bolodi m'madrasa, ana atangoweruka. Shehe Swaleyi Mpango anali pakhonde, akusoka mkeka wa mumzikiti umene unang'ambika m'mphepete. Ntchito imeneyi sankalola wina kuwagwirira, ngakhale maso anali atayamba kuwavuta.

Mlendoyo anapereka salamu ali chilili.

"Ndikufuna Shehe," anatero.

"Khalani pansi, bambo. Amene mukumufunayo ndi wosoka mkekayu."

Anapukuta benchi ndi mpango, nakhala. "Ine ndine Jafali Amidu. Ndakhala ku Korea zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndikuphunzitsa anthu akumeneko Chingerezi."

Ndinasiya kufufuta, n'kudzaima pakhomo la madrasa. Dzinalo ndinkalidziwa. Mawa lake tinali ndi nikahi, ukwati wa Sakina Jafali, mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuyambira alifu, chilembo choyamba cha Chiarabu. Bambo ake anachoka iye ali ndi zaka zinayi, ndipo mayi ake atamwalira sanabwere kudzaika maliro. Ndinene zoona, ndinapsa mtima. Munthu wosiya mwana chonchi n'kumapukuta benchi lathu! Koma Shehe anangoti, "Takulandirani, Che Jafali," singano ikuyendabe.

Mlendoyo sanayambe ndi chimene anadzera. Anayamba ndi sukulu yake.

"Shehe, m'Chingerezi muli mawu amodzi amene ophunzira anga ankavutika nawo kwambiri. Amati drift. Ndinawalembera tsamba lathunthu m'chinenero chawo. Ndinati ndi mmene limayendera bwato lopanda wopalasa, madzi akulitenga pang'onopang'ono. Ndi mmene umayendera utsi kunja kulibe mphepo. Ndi munthu wochoka mzinda uno kupita wina, osadziwa chimene akufuna. Amateronso abale akamatalikirana popanda kukangana, mpaka tsiku lina n'kupezeka kuti sakudziwananso. Aphunzitsi anzanga anakopera tsambalo, ati palibe anafotokozapo bwino chonchi."

"Allah akuonjezereni nzeru," anatero Shehe. "Ine Chingerezi changa chimathera pa kuwerenga botolo la mankhwala."

"Usiku ndi usana ndinkakhala ndekha m'kachipinda kamodzi," anapitiriza Che Jafali, mawu atatsikako. "Idi inkandipeza ndili m'kalasi. Chisanu chikafika, mwezi unkatha osalankhula mawu amodzi a kwathu. Tsiku lina wophunzira wina wachikulire, woyendetsa basi, anandifunsa kuti, 'Aphunzitsi, mwa zinayi mwalembazi, inu ndinu chiti?' Anzake anaseka. Ine ndinasekanso, koma yankho ndinalidziwa. Ndine zonse zinayi. Munthu wotere salakwira wina dala, Shehe. Amangotengeka basi."

Ine pakhomo paja ndinati mumtima, ehe, wabwera ndi loya wake m'thumba.

"Funso lanu n'lotani, bambo?" anafunsa Shehe.

"Ndamva kuti mawa mwana wanga akukwatiwa. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Amene amulera ndi amalume ake, Che Bwanali. Ndikupempha munditsimikizire kuti iwo angathe kukhala wali wake, womupereka pa nikahi. Mukatero ine ndikwera basi ya m'mawa, ndisasokoneze chisangalalo cha anthu. Palibe akudziwa kuti ndili kuno. Ndikugona kunyumba ya alendo kumsika."

Shehe anazika singano pamkeka.

"Che Bwanali ndi munthu wabwino, ndipo mphoto yolera mwana wamasiye ikuwadikira. Za ankhoswe ndi za pamudzi zonse ndi zawo. Koma pa nikahi, amalume a kuchikazi sakhala wali. Wali ndi bambo. Bambo akakhala kutali, kapena osadziwika komwe ali, ndipo kuchimuna kulibe wina, ndimaima ndine. Ndi mmene tinakonzera za mawa."

Nkhope ya mlendoyo inamasuka. "Alhamdulillah! Ndiye zonse zili bwino." Anadzuka, nayamba kumanga mabatani a jekete.

"Musafulumire. Ndiloleni nanenso ndifunse, poti ndine wosaphunzira. Bwato lanu lopanda wopalasa lija, kodi limabwerera pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku?"

"Ayi. Limapita komwe madzi afuna."

"Nanga utsi?"

"Chimodzimodzi."

"Maso angawa ndi ofooka, koma jekete lalitali mu Okutobala limaoneka. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri ndikukuonani. Mumachoka kumsika, mumadutsa pano pang'onopang'ono manja ali kumbuyo, ngati munthu wongowongola miyendo. Njira zilipo zitatu pamphambano apo, koma inu mumatenga imodzi yokha. Mumakafika pa mjigo, pamene denga la Che Bwanali limayambira kuoneka. Mumaima pamenepo, kenako mumabwerera. Ndinkadabwa kuti mlendo ameneyu wataya chiyani pa mjigo. Lero ndadziwa."

Che Jafali anakhalanso pansi. Ulendo uno benchi sanalipukute.

"Dzulo ndinamuona," anatero. "Anabwera kudzatunga madzi. Kuyenda kwake ndi kwa malemu mayi ake. Anandipatsa moni, 'Mwaswera bwanji, bambo,' monga amachitira kwa mlendo aliyense wapanjira, n'kusenza ndowa yake. Ndinayankha kuti ndaswera. Shehe, ndikanati chiyani? Ndikuopa. Ndikuopa kuti andiyang'ana n'kunena kuti sakundidziwa, ndipo adzakhala akunena zoona."

Mkwiyo wanga uja unathera pomwepo. Ndinamumvera chisoni munthuyo.

"Angathe kutero," anatero Shehe. "Sindikulonjezani kuti akuthamangirani. Mwina alira, mwina akutembenukirani msana, ndipo Che Bwanali sakusiyani osakuuzani mawu owawa. Zimenezo n'zanu, muzimva."

"Ndiye imani inuyo, monga munakonzera. Ndikukupemphani. Mukhale ngati simunandione."

Shehe anayang'ana njira ya ku mjigo.

"Mukanakwera basi yanu osafika pano, mawa ndikanaima ndi mtima woyera, n'kunena pamaso pa mboni kuti bambo a mtsikanayu ali kutali. Mawu amenewo Sakina wakula nawo. Anzake akamufunsa ankati bambo ali kutali, pamaliro a mayi ake anatinso bambo ali kutali, ndipo ankawakhulupirira. Koma mwabwera, mwakhala pabenchi langa, mwanditchulira dzina lanu. Sindinganame pa nikahi ya mwana wamasiye, Allah akumva. Kutali kwatha, Che Jafali. Mawa mwana wanu amva chimodzi mwa ziwiri: kuti bambo ake abwera, kapena kuti bambo ake anafika pa mjigo n'kubwerera. Chachitatu choti ndikamuuze ndilibe."