Mendulo ya Goloboyi Lufeyo

Kalekale, mabwalo athu ambiri akadali a fumbi lokhalokha, ku Ntcheu kudali goloboyi wina dzina lake Lufeyo Dzimbiri. Kugwira ankagwira monga anzake, koma chidamutchukitsa ndi mwendo wake wamanja. Akauponya mpira m'mwamba n'kuumenya, unkadutsa pakati pa bwalo n'kukatera pamutu pa womwetsa zigoli. Timu yake, Akambuku a ku Bawi, idakolola zigoli ndi mwendo umenewu zaka khumi ndi ziwiri.

Kenaka mipira yake idayamba kufupika. Inkagwera pamapazi pa adani, pafupi ndi golo lake lomwe, moti m'masewero anayi timu idamwetsedwa zigoli zisanu ndi ziwiri. Ochemerera adayamba kumukuwiza. Akomiti adagwirizana kuti munthuyo wakalamba, ndipo adamukhazika pabenchi.

Tsiku lina Lufeyo adapititsa nsapato zake zosewerera kwa bambo Chikaiko, wosoka nsapato wa pamsika. Mkuluyo adazitembenuza, n'kuona kuti ya kumanzere yatha mbali imodzi yokha.

"Achimwene, aliyense akudzudzula mwendo womenyera," adatero. "Koma wodwala ndi uwu wopondera. Mukuuthawa."

Lufeyo adawerama. Adavomera kuti chiuno chinkamubaya kumanzere chaka chathunthu, koma adabisa poopa kutaya malo.

Adapita kwa mayi Nasimelo, omwe ankagwira ntchito yowongola ziwalo za odwala pachipatala cha paboma. Mayiwo adamuletsa kukhudza mpira masabata asanu ndi limodzi, ndipo atamva kuti akuzemba n'kumakamenya kudambo, adafika kunyumba kwake n'kulanda nsapato zija. M'mawa uliwonse ankamuwongola mpaka misozi. Kawiri konse Lufeyo adati basi, mpira wausiya. Kawiri konse mayi Nasimelo adamuyankha kuti kusiya asiya akachira, osati akudwala. Patatha miyezi itatu, adaponda pansi osamva kanthu.

Nthawi yonseyi pagolo padali Akuzike Mpatsa, yemwe adadikira pabenchi zaka zisanu ndi chimodzi. Iyeyu ndiye adaifikitsa timu m'ndime yomaliza ya chikho cha m'chigawo, ndipo zidamveka kuti akuluakulu a matimu a mumzinda abwera kudzasankha osewera. Tsikulo kudacha ndi chimphepo. Mphunzitsi atamutchula kuti ndiye akhale pagolo, Akuzike adaimirira.

"Aphunzitsi, ndi mphepo iyi mipira yanga izibwerera. Ndawaona a Lufeyo pokonzekera, mwendo wawo wadzuka. Aloweni iwowo."

Mphunzitsi adamufunsa kawiri ngati akudziwa chomwe akutaya. Akuzike adangovula magolovesi n'kupatsa mnzakeyo.

Masewerowo, omwe adali ndi timu ya ku Balaka, adali ovuta. Kutatsala mphindi ziwiri, zigoli zidali chimodzi kwa chimodzi, ndipo adani adali atadzazana kutsogolo kudzamenya kona. Lufeyo adalumpha n'kuuwakha. Adathamanga masitepe atatu, adaponda ndi wamanzere mosaopa, n'kumenya. Mpira udaboola mphepo, udapitirira onse otchinga kumbuyo, n'kutera patsogolo pa womwetsa zigoli, yemwe adangoukankhira muukonde. Bwalo lidagwedezeka. Nthungululu zidamveka mpaka kumsewu, ndipo omwe ankamukuwiza ndiwo adayambitsa nyimbo ya dzina lake.

Chikho chidapita ku Bawi, ndipo Lufeyo adavekedwa mendulo ya wosewera bwino koposa. Koma iye adaivula, nati mwini wake ndi mmodzi mwa anthu atatu amene adamuthandiza. Adawaitana pamaso pa khamu.

Bambo Chikaiko adati popanda diso lawo, anthu bwenzi akuimbabe mlandu mwendo wosalakwa. Mayi Nasimelo adati kuloza pomwe pali nthenda n'kwa tsiku limodzi, pomwe iwo adalimbana nayo miyezi itatu, ndi wodwala wamakani. Akuzike sadachulutse mawu. Adangoti mwendo wochira sumwetsa chigoli uli pabenchi, ndipo akuluakulu a mumzinda aja abwerera osamuona.

Lufeyo adaima pakati pawo, mendulo ili m'manja. Kuithyola sikukadatheka, ndipo yachiwiri padalibe.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, tiuzeni: aveke yani? Amene adaona nthenda, amene adaichiza, kapena amene adapereka malo ake?